Mng'oma Wachitatu

Achimwene a Dafuleni, ku Joni komwe muliko,
mng'oma wanu wachitatu uja, wa pansi pa mbawa,
wasiya kulira.

Ndinaulambalala masabata asanu, dengu la tiyi lili kumsana,
chiperoni chikutsika pa Chambe kudzandilowa m'mafupa,
ndikungoti mawa, mawa,
kapitawo akandimasula Loweruka.
Pakhomo pake njuchi zinkalowa imodziimodzi
ngati anthu ochedwa pa maliro.

Dzulo ndinautukula mbali imodzi.
Kupepuka kwake, lichero lopanda kanthu.
Mtima wanga unathamangira kwa anyamata owotcha makala,
ndinawatukwana ndi maina awo omwe.

A Nikoloma, aja ankalondera mikungudza ku Likhubula,
anabwera ndi utsi wa zitsononkho.
Sanafunse zambiri.
Anazula kathabwa koyamba, koma kanakana,
kanabwera kakukoka anzake awiri
ngati zovala zosokedwa pamodzi.
"Mbala yako ilibe mapazi a munthu," anatero.
"Sendera kuno."

Ndinaona ulusi, achimwene.
Osati wa kangaude, wotchera poyera.
Uwu ndi wotuwa, wopota tinjira,
ngalande zoboola chisa chipinda ndi chipinda,
ndipo m'menemo tizitosi takuda bii,
ngati fumbi la tiyi lotsalira pansi pa kapu.

Anagogoda thabwa ndi mpeni.
Mphutsi inatuluka chafutambuyo,
yotuwa, mutu wofiirira, timiyendo tili pamimba,
liwiro la munthu wodziwa mlandu wake.
"Mwana wa njuchi sathawa," anatero.
"Amagona chopindika pansi pa chipinda chake,
woyera mbee, wopanda miyendo, kudikira kudyetsedwa.
Ukaona choyenda chokha, si cha pakhomo pano."

Ndinafunsa ngati si tizikumbu takuda tija munkanena.
Anandiuza ndinunkhize.
Tizikumbu timasiya uchi wonanda, wonunkha ngati masese.
Pano panali pouma,
fungo la nyumba yotsekedwa chaka chonse.

Pamzere umodzi ana a njuchi anali pamtunda,
zivindikiro zitachotsedwa, mitu ili mbuu,
kulondola njira imene mphutsi inadutsa pansi pawo.
Apa ndinayang'ana kumbali.

M'ngodya munali zikwa, zoyera, zolimba,
zothithikana ngati matumba a feteleza m'sitolo.
Titazikanganula, thabwa lanu la mlombwa lija,
munalipala masiku atatu lija,
linali ndi timabwato tosemedwa ndi kamwa.

Mwini wake tinampeza pansi pa chivindikiro.
Njenjete.
Kanthu kosaoneka ngati kanthu,
kotalika ngati nsonga ya chala,
mtundu wa phulusa losakaniza ndi dothi,
mapiko atapindidwa ngati denga la kachisakasa.
Sikanauluke. Kanathamangira kumdima.
Akuti kamabwera dzuwa litalowa,
kuikira mazira m'ming'alu yosalowa ndi singano yomwe,
ndipo kali ndi mng'ono wake, wonyezimira pang'ono, mutu wachikasu,
khalidwe lake lomweli.

Ndinafuna kukadana nako.
A Nikoloma anaseka.
"Mudzi wa alonda ambiri sikaulowa.
Kamadya phula la nyumba imene yayamba kale kugwa.
Funsa chimene chinachepetsa njuchi."
Sindinayankhe.
Ndinawerenga masabata asanu aja m'zala.

Zisa zowonongeka tadula,
nkhuku za a Nasibeko zachita phwando.
Mng'oma tauwaula ndi muuni wa udzu,
ming'alu tamata, khomo tachepetsa.
Njuchi zotsala zingadzaze zikhatho ziwiri,
ndipo make tamuona, akuyenda mwaulesi koma alipo.

Inayi inayo ndatsegula lero m'mawa ndisanapite ku esiteti.
Yoyamba inandiluma pachikope,
diso latupa, anzanga akundiseka m'mizere.
Sindinakondwerepo ndi ululu chonchi.

Musatumize ndalama za mankhwala.
Tumizani za misomali,
ndipo mundiuze kumene munabisa chipewa cha neti chija.